Zitini Zisanu za Kanema Wosalankhula

Ana anga, mutu uno ndauyamba katatu n'kung'amba. Maso atha, ndimalemba m'mawa wokha pakhonde dzuwa lisanatenthe, ndipo dzanja likayamba kunjenjemera ndimasiya. Komabe ndiulemba ndithu, chifukwa zaka zanga zamphamvu zonse zinathera kumbuyo kwa makina a kanema, ndipo inu mumangodziwa mathero ake okha.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970

Nditalephera kupitiriza sukulu ku Thuchila, malume anga ananditengera ku esiteti ya tiyi kumene anali kapitawo. Dzina la esitetiyo mukulidziwa, palibe chifukwa cholilembera pano. Ndinalembedwa ntchito yosesa ndi kutsuka matambula ku kalabu ya mamanijala. Loweruka lililonse azungu ankasonkhana kumeneko kudzaonera kanema, ndipo woyendetsa makina anali a Chikopa, bambo wamfupi, wosaseka, amene ankavala tayi ngakhale dzuwa la Okutobala lithe mitengo. Ine ndinkachedwa dala ndi matambula kuti ndiziona mmene ankapisira filimu m'makinamo. Tsiku lina anandipeza ndikusuzumira, ndipo ndinati ntchito yanga yathera pompa. Iwo anangondifunsa ngati ndimatha kuwerenga Chingelezi. Nditavomera anandiuza kuti ndikasambe m'manja ndi sopo, ndibwerenso.

Anandiphunzitsa zaka ziwiri osandiyamikirapo ngakhale tsiku limodzi. Filimu ankati ndiziigwira m'mbali mokha, pakati ayi. Ikaduka ndiidule mowongoka, ndipale pang'ono ndi lezala, ndimate, ndidikire iume. Babu yatsopano ndisaikhudze ndi chala, ndiigwire ndi kansalu. Ndikalakwitsa sankakalipa, ankangondichotsa pamakinapo n'kuchita okha ine ndikuona, ndipo zimenezo zinkapweteka kuposa kukalipa.

Kenako kampani inaganiza zoti antchito a m'makompaundi nawonso aziona kanema, akuti mwina angachepetse kachasu. Inagula galimoto, jenereta ndi chinsalu choyera. A Chikopa anakwezedwa kukhala oyang'anira umoyo wa antchito, ine ndinapatsidwa makina. Tinkazungulira makompaundi asanu ndi imodzi. Tinkafika dzuwa likupendeka, n'kumanga chinsalu pamitengo iwiri ya bulugamu pabwalo la mpira, n'kuyamba kachisisira katangogwa kuti anthu akagone msanga, poti m'mawa ankalawirira kukathyola tiyi. Mafilimu ankabwera kuchokera ku Blantyre, ambiri anali a amuna okwera akavalo ndi kuwomberana mfuti. Popeza anthu sankamva Chingelezi, ndinkagwira maikolofoni n'kumawamasulira. Ntchito imeneyi inandipatsa nyumba ya njerwa ya zipinda zitatu, ya magetsi, pafupi ndi ofesi ndi sukulu. Nonse asanu munabadwira mmenemo.

Zaka za m'ma 1980

Nkhondo ya ku Mozambiki itakula, zinthu zinayamba kusowa. Mafuta a jenereta tinkachita kupempha ku galaja ngati tikupempha mchere. Mafilimu amene ankabwera sabata iliyonse anayamba kubwera pamwezi kamodzi, kenako ankangobwerera omwe aja, okalikakalika, anthu akudziwa kale amene afe. Babu inatsala imodzi, ndinkaikulunga m'sokosi n'kumayenda nayo m'thumba la jekete kuopa mabampu a mumsewu. Manijala wa nthawi imeneyo anali mnyamata amene ankangodziwa kulemera kwa tiyi wotuluka m'fakitale. Ankati kanema ndi kutaya mafuta. A Chikopa ankalowa mu ofesi mwake atavula chipewa, n'kutulukamo atapambana pang'ono, mwezi wina n'kukayambanso. Chonsecho anthu oonera anachuluka kuposa kale, chifukwa nyumba iliyonse ya m'kompaundi inali italandira abale othawa nkhondo kuchokera ku Milanje ndi kutsogolo kwake. Anthuwa ankakhala pabwalo kuyambira masana kudikira galimoto yathu, ndipo masiku ena tinkabwera wopanda choti tiwaonetse.

Chaka china denga la chipinda chosungiramo katundu ku kalabu linayamba kudontha, ndipo a Chikopa anandituma kukatulutsa zinthu. Kumbuyo kwa mipando yothyoka ndinapeza bokosi lamatabwa, m'kati mwake muli zitini zisanu za filimu. Pabokosipo panalembedwa dzina la mzungu wina amene anamwalira dziko lisanalandire ufulu. Tinayesa mpukutu woyamba mu ofesi masana omwewo. Zithunzi zinatuluka, zakuda ndi zoyera, anthu akuyendetsa milomo, koma mawu ayi. Ndinataya ola lathunthu ndikufufuza mawaya a chimkuzamawu. A Chikopa anandisiya ndivutike, kenako anandiuza kuti makina alibe vuto, kanemayu ndi wa ku Amereka, anapangidwa kalekale anthu asanadziwe kuika mawu m'filimu. Mawu ake anali olembedwa, ankatuluka pakanthawi pakanthawi pakati pa zithunzi.

Nkhani yake inali yachikondi. Mtsikana wina, mwana wa mlimi, anagwirizana ndi mnyamata wosula zitsulo za akavalo. Bambo a mtsikanayo anakana chifukwa mnyamatayo anali wosauka, choncho iye anakwera sitima kupita kumzinda waukulu kukafuna chuma. Ankalemba makalata, koma bambo aja ankawalandira n'kumawabisa m'bokosi pansi pa bedi. Mtsikanayo tsiku lililonse ankapita kusiteshoni kukadikira. Mnyamatayo ataona kuti sakuyankhidwa anaganiza kuti waiwalidwa, mpaka anatsala pang'ono kukwatira mkazi wolemera wa mumzindamo. Pamapeto anabwerera, n'kupeza mnzakeyo akudwala kwambiri. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo.

Ine ndinati anthu ozolowera mfuti atigenda. A Chikopa anati tiyese, palibe china chimene tili nacho. Tinayambira kompaundi ya kumtunda. Popeza munalibe mawu, maikolofoni yonse inali yanga. Mayina a Chingelezi ankavuta, ndiye mtsikanayo ndinamutcha Agine, mnyamatayo Sitifano. Mawu olembedwa anali ochepa, ena ndinkangoonjezera poona nkhope zawo. Pamene m'kanemamo chisanu choyera cha kwawo chinayamba kugwa ndinasowa mawu, ndinangoti ichi ndi chiperoni cha ku Amereka, chimagwa ngati ufa, ndipo bwalo lonse linaseka. Koma pofika mpukutu wachitatu panalibenso woseka. Jenereta yokha ndi imene inkamveka. Titamaliza anthu sanadzuke msanga ngati masiku onse, ndipo amayi ena ankapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Ndinazindikira mochedwa kuti pabwalopo panalibe munthu amene analibe wake wopita kutali osabwerako, kaya kumigodi ku Joni, kaya kunkhondo, kaya wotsala kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, ku Mozambiki. Kuyambira pamenepo, kulikonse kumene tinkafika ankafunsa ngati tabwera ndi Agine.

Mwa onse oonera, amene ndimawakumbukira ndi mayi Muhowa, othyola tiyi a kompaundi ya kumtunda ija. Anali aatali, owonda, olankhula Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe. Anabwera kuno ali mtsikana, atangokwatiwa. Amuna awo anapita ku Joni mwana wawo woyamba ali m'mimba, analemba makalata awiri, kenako zii. Mwanayo anamwalira asanayambe kuyenda. Iwo sanakwatiwenso, ndipo anakana kusamuka pakompaundipo kuopa kuti kalata ingabwere iwo atachoka. Zimenezi ndinazimva kwa ena, eni ake sankakamba. Ankayala chiguduli pafupi ndi makina, kumanzere kwanga, ndipo tikamaonetsa ku kompaundi yoyandikana ankayenda wapansi kutitsatira ataweruka. Sankalira ngati amayi ena. Kamodzi kokha, pamene bambo a Agine ankatsekera kalata m'bokosi, anandigwira mwendo wa thalauza n'kunena chapansipansi kuti, "A Namathanga, inu muli ndi chimkuzamawu, muuzeni mwanayo ayang'ane pansi pa bedi." Ndinatsala pang'ono kuiwala mawu otsatira.

Pakati pa zaka za m'ma 1990

Zinthu zinasintha mofulumira. Ku Nkando ndi ku Thuchila kunatsegulidwa nyumba za vidiyo, achinyamata anasiya kubwera kubwalo. A Chikopa anapuma ntchito n'kumwalira pasanathe chaka, ndipo m'malo mwawo munabwera a Mbewe, munthu wophunzira, wofatsa, koma wosadziwa kusiyana kwa mpukutu woyamba ndi wachisanu. Galimoto inafa, sinakonzedwenso. Tinkanyamula makina pa thirakitala yonyamula tiyi ikakhala ndi malo. Kanema wa Agine naye anali atakalamba. Ukatsegula chitini munkatuluka fungo lowawasa ngati viniga, filimu inali itauma, timabowo ta m'mbali mwake tikung'ambika. Kwa zaka ziwiri ndinali nditasiya kumuonetsa. Mtendere utabwera ku Mozambiki, anthu ambiri anayamba kubwerera kwawo, ndipo bwalo linkachepa mwezi ndi mwezi.

Nthawi imeneyo kwa manijala kunabwera mlendo, mlamu wake wamkazi, amene kwawo ankagwira ntchito kunyumba yosungira makanema akale. Atamva za zitini zathu anabwera kuchipinda changa cha makina. Anavala magolovesi oyera, anatambasula filimu pang'ono, n'kuiyang'ana ndi galasi lokulitsa kwa nthawi yaitali. Anandilankhula mwaulemu kuposa mzungu aliyense amene ndinagwira naye ntchito. Anati makanema ambiri a nthawi imeneyo anapsa kapena anawola, ndipo mwina uyu ndi yekhayo wotsala padziko lonse. Anati akamutenge kwawo kumene angamukonze n'kumusunga, koma anandichenjeza kawiri kuti asadzadutsenso m'makina, chifukwa akhoza kuthera momwemo. Manijala anavomera pomwepo, n'kundiuza kuti zitini zikhale zokhoma mpaka Lachisanu, tsiku limene mlendoyo ankanyamuka. Kiyi anali ndi ine.

Lachitatu madzulo ndinapeza mayi Muhowa atakhala pamphasa pakhonde pathu ndi mayi anu. Sanafikepo kwathu chiyambire. Anali atapuma ntchito, ndipo Loweruka ankanyamuka ndi banja la mlongo wawo kubwerera kumudzi kwawo kupitirira Milanje. Anati amva kuti Agine akupita, nawonso akupita, choncho akupempha kumuona komaliza. Ndinawafotokozera zonse zimene mlendo uja ananena, pang'onopang'ono, kuti amvetse kuti sikukana kwanga. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndamva," anatero. "Kodi mzunguyo anamuonerapo?"

Ndinati ayi, anangoyang'ana ndi galasi.

"Ine ndamuonera zaka khumi. Sindikuti mundipatse, a Namathanga. Ndikungofuna kutsanzika."

Atapita, mayi anu sanazungulire. Anati amvera chisoni mayiyo ngati mbale wawo, koma ine ndili ndi ana asanu, nyumba imene tikukhalayi si yathu, ndipo lamulo laperekedwa pamaso pa mlendo. Anati ndikapite kukawapepesa bwinobwino, ndiwapatse kenakake ka paulendo, zithere pomwepo. Ndinavomera, ndipo sindinkanama. Lachinayi m'mawa ndinapita kuntchito nditatsimikiza kukana.

Nthawi ya nkhomaliro ndinatuluka panja n'kupeza mayi Muhowa atakhala pansi pa mtengo moyang'anana ndi chitseko changa, chiguduli chawo chili pamiyendo. Sindinawaitane, ndipo iwo sanapemphenso. Anangondipatsa moni. Manijala ndi mlendo wake anali atakwera kuphiri kuyambira m'mawa, a Mbewe anali ku Boma. Ndinalowa m'kati, ndinakhala pampando, ndinatulukanso, akadali pomwepo. Ndinaganiza za anthu a kutsidya kwa nyanja amene adzaonere kanemayu atakhala pamipando yofewa, ndipo ndinkadziwa kuti mlendoyo akunena zoona, chinthuchi n'chofunika kusungidwa. Ndinaganizanso kuti zitinizi zinakhala zaka zambirimbiri kumbuyo kwa mipando yothyoka popanda wozifuna, mpaka anthu othyola tiyi ndi amene anazilirira. Sindinganene kuti ndinayeza zonsezi bwinobwino. Ndinadzikhulupirira kwambiri, ndinati manja anga akuidziwa filimuyi kuposa magolovesi, idutsa kamodzi kokha. Ndinatchinga mawindo ndi mabulangete awiri, ndinakhomera pepala lalikulu loyera kukhoma, n'kuwaitana.

Tinali awiri basi. Maikolofoni sinafunike, ndinkalankhula ngati tikucheza. Mpukutu woyamba unadutsa, wachiwiri unadutsa, wachitatu unadumpha kawiri koma ndinauthandiza ndi chala. Thukuta linali litanyowetsa malaya onse. Mumpukutu wachinayi muli pamene sitima ikulowa m'siteshoni, Sitifano akubwerera. Utsi utangoonekera, makina anayamba kulira mwachilendo. Chithunzi chinaima, pakati pake panatuluka kadontho kofiirira kamene kanakula n'kudya sitima yonse. Mmene ndinkazimitsa, mano a makina anali atatafuna filimu yotalika ngati kuchokera pakhonde pano kukafika pa mpanda. Tizidutswa tinali mbwee pansi. Malo onse amene Sitifano akutsika m'sitima n'kuyang'ana uku ndi uku anali atapita.

Ndinagwada n'kuyamba kutola. Ndinawauza kuti adikire, ndilumikiza kotsalako, tionera mpukutu womaliza. Iwo anali atayamba kale kupinda chiguduli.

"Ayi, musiyeni," anatero. "Sitima yafika. Kwinako ndi kwa matenda, sindikufuna kupita nako."

Anandithokoza powomba m'manja mwaulemu wa kwawo, n'kutuluka. Sindinawaonenso.

Ndikanatha kubisa. Ndikanadula malo oonongekawo, kumata, kutseka chitini, ndipo mlendoyo akanakazindikira ali kwawo n'kuganiza kuti ndi ukalamba wa filimu. Ndinakhala ndi lezala m'manja kwa kanthawi. Koma a Chikopa sanandiphunzitse choncho. A Mbewe atabwerako ku Boma ndinawauza zonse. Anagwira mutu n'kunena kuti, achimwene, bwenzi mutangokhala chete.

Lachisanu m'mawa tinaima mu ofesi ya manijala. Mlendoyo sanakalipe. Anatsegula chitini chachinayi, anayang'ana, kenako anatola tizidutswa tija kamodzikamodzi n'kutiika mu emvulopu. Atamaliza anandifunsa chifukwa chake. Ine amene ndinamasulira Chingelezi zaka makumi awiri pamaso pa anthu mazanamazana, ndinangoti panali munthu amene ankafuna kutsanzika. Anandiyang'ana nthawi yaitali, sindikudziwa ngati anamva kapena ayi, n'kunyamula bokosi lake. Manijala anati ndaphwanya lamulo lomveka bwino ndipo ndiyenera kuchotsedwa ntchito. A Mbewe anandichonderera potchula zaka zimene ndinagwira popanda mlandu. Pamapeto anagamula kuti nditsitsidwe, ndikakhale kalaliki wa pasikelo ku dera lakutali kwambiri la esitetiyo, ndipo nyumba ndituluke mwezi usanathe. Kanema wa m'makompaundi anathetsedwa mwezi womwewo. Mwina akanathetsedwabe, mwina nyumbayo tikanatulukamobe chaka chotsatira. Ndadzitonthoza ndi mawu amenewa nthawi zambiri, koma sindikudziwa ngati ndi oona.

Zaka zomaliza, mpaka lero

Pasikelo ndinakhala zaka zisanu ndi zinayi. Ntchito yake ndi kuima pansi pa kashedi, kupachika dengu, kuwerenga singano, kulemba, wina abwere. Chiperoni chikagwa masamba ankanyowa, lamulo linkati tichotseko kulemera kwa madzi, ndipo anthu omwe aja amene kale ankathamangira galimoto yanga ndi amene ankanditukwana kuti ndikuwabera. Mawondo anga anathera pamenepo. Tinkakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri, ya nyali ya palafini. Mayi anu ananyamula katundu, anayala mphasa, analima kadimba ka nandolo kuseri, ndipo mpaka tsiku limene anatisiya sanatchulepo za Lachinayi lija. Ndikanakonda akanandikalipira.

Za zitini zija sindinamveponso kanthu. Kalata sinabwere, ndipo manijala uja anasamuka. Sindikudziwa ngati kanemayo anakonzedwa kapena anakafera m'njira. Za mayi Muhowa ndinamva kwa munthu wina wogulitsa chinangwa pamsika wa Nkando kuti anakhala kumudzi kwawo zaka zochepa, n'kumwalira pakhomo pa mlongo wawo. Nditapuma ntchito ndinamanga kanyumba kano ndi ndalama za penshoni, ndipo pano ndi pamene mudzanditenge.

Amene analipira kwambiri si ine. Gilesi, iwe unali m'sitandade 8 chaka chimene tinasamuka, ndipo aphunzitsi ako anali atandiuza kuti mwa ana onse a m'kalasimo iwe ndiwe wopita ku sekondale. Kumene tinakakhala sukulu inali kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho. Mvula itayamba unkakhala pakhomo masabata athunthu, madzi akaphwa n'kupita, n'kukapeza anzako ali patsogolo. Sunasankhidwe. Ndinati ubwereze, iwe unati watopa, ndipo patapita zaka ziwiri unakwatiwa ku Thuchila. Azichimwene ako anali atapita kale kusukulu zogonera komweko, ang'ono ako anadzaphunzira mlatho utamangidwa. Iwe wekha ndiwe unagwera pakati.

Sunandifunsepo. Loweruka lililonse umabwera kudzandichapira, umafunsa ngati ndadya, umandisiyira ndiwo za masiku awiri, n'kuthamangira minibasi. Mwina unauzidwa kuti makina anangoonongeka okha. Sanaonongeke okha. Mayi ako anandiletsa, mwini wake wa lamulo anandiletsa, ine ndinatchinga mawindo ndi manja angawa ndikudziwa zimene ndikuchita. Masiku ena ndimaona kuti ndinachita bwino, masiku ena ayi, ndipo ndatopa nako kudziweruza ndekha. Mutu uno ndikupatsa iwe poyamba, ena asanauone. Ukawerenga, ngati uli ndi mawu, ngakhale owawa, usawasunge ngati mmene anachitira mayi ako. Udzandiuze Loweruka, makutu anga akadamva.